Chingwe cha m'chiuno mwa mdzukulu wanga

Ndinadula ndi lumo. Izi sindinakanepo, ngakhale tsiku lija anandikhazika pakhonde ku Lupaso atandizungulira ngati ndagwidwa ndi mbuzi ya eni. Ndinadula ndine, ndi dzanja ili, n'kukachiponya m'chimbudzi. Koma anthu a mu Ching'ambo muno akamaifotokoza nkhaniyi amayambira pa lumo n'kuthera pa lumo pomwepo, ngati ndinangodzuka m'mawa n'kuganiza zopweteka khanda. Ndiye lekani ndiinene ndekha.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Kuno ku Mzuzu ndinabwera ndi malemu amuna anga atapeza ntchito ya ulonda, ndipo iwo atamwalira sindinabwerere. Ndimalima mpiru ndi chinizi kudambo kuno, n'kumakagulitsa kumsika waukulu. Ana ndinabereka anayi, wamoyo ndi mmodzi, wamkazi, mzime wanga. Iyeyu anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Rumphi, makaniko, munthu wosayankhula zambiri. Akwawo anabwera ndi malowolo, ng'ombe zoperekedwa kwa makolo a mkazi. Ife kwathu zimenezi sitizidziwa, mwamuna amadzakhala kwa mkazi ndipo ana ndi a kuchikazi. Achimwene anga analandira zinthuzo akuseka, ine n'kumati ndi ulemu chabe, kuthokoza kuti tinalera bwino. Palibe amene anandikhazika pansi kundiuza kuti tsiku limenelo ndadinda chala kuti mwana aliyense wotuluka m'mimba mwa mwana wanga si wanga.

Kenaka panabadwa kamtsikana. Katakwana miyezi inayi, mayi ake anabwerera kuntchito, ku shopu ina m'tauni. Asebele anga, ndiye kuti mayi ake a mkamwini wangayo, anali atabwera kuchokera ku Rumphi kudzathandiza zauchembere, ndipo anangokhaliratu. Ine ndinkapita kwawoko ku Lupaso Lachiwiri lililonse. Tsiku limenelo kumsika sindinkapita.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Juni, kukuzizira kuzizira kwa Mzuzu kolowa m'mafupa kuja, asebele anapita kuchigayo n'kundisiyira mwana. Ndinafunditsa madzi, n'kuika beseni kuseri kwa nyumba pomwe panali kadzuwa. Nditamuvula thewera, ndinaona chingwe chakuda m'chiuno, pambali pake kachikwama kosokedwa, kakang'ono ngati njere ya nyemba.

Chinthu chimenecho ndimachidziwa. Mwana wanga woyamba, wamwamuna, anali nazo zitatu: m'khosi, m'chiuno ndi padzanja. Atatentha thupi, akuluakulu kumudzi anati kuchipatala kudikire, mwana ndi wotetezedwa kale, tingowonjezera mphini. Anamutema pachifuwa n'kupakapo zakuda, iye akulira mpaka mawu kutha. Tsiku lachitatu ndi limene anandilola kunyamuka, ndipo anandifera kumsana tisanafike n'komwe pamsewu. Pomusambitsa ndinaziona zingwe zija, zonse zitatu zili gwa, osaduka ngakhale chimodzi. Chaka chomwecho ndinalowa kalasi kutchalitchi, ndinabatizidwa, ndipo ndinamuuza Mulungu kuti dzanja langa silidzamanganso chinthu chotere pa mwana. Kuwerenga sindidziwa, mawu a Mulungu ndimamvera m'makutu, koma zimene ndinalonjeza ndimazidziwa.

Ndiye nditaona chingwe chija pa mdzukulu wanga, sindinaganize kawiri. Pawindo panali lumo lowengera zikhadabo. Ndinalowetsa chala pakati pa chingwe ndi khungu kuti ndisamucheke, n'kudula. Mwana anali kuseka, akumenya madzi.

Asebele atabwera anatula ufa, n'kumutenga mwana kuti amusinthe. Analowa naye m'chipinda. Kenaka anatuluka mwana ali maliseche m'manja.

"Asebele, ninjani wadumura?" Akakwiya Chichewa chimawathawa.

"Ndadula ndine."

"Chili kuti?"

"M'chimbudzi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Chingwe chimenecho chachokera kukaya, kumudzi kwathu. Bambo ake a mwanayu anavala, abale ake onse anavala, palibe anafa. Inu mwaberekapo angati amoyo?"

Ndinawayankha kuti mdzukulu wanga savala zaziwanda ine ndili moyo.

"Mdzukulu wanu?" Anaseka pang'ono. "Mwana uyu ngwithu, mama, ndi wathu. Ng'ombe zinapita kwanu. Inu pano ndinu mlendo."

Patapita masiku anayi mwana anatentha thupi, n'kuyamba kukomoka. Anathamanga naye kuchipatala pa njinga yamoto, adokotala anamuyeza n'kupeza malungo. Malungo, matenda oti pa Lupaso ponse palibe nyumba imene sanalowemo. Anagona kumeneko masiku atatu, anachira, anatuluka akuyamwa bwinobwino. Ine ndinagwada m'nyumba mwanga kuthokoza, osadziwa kuti mlandu wanga waweruzidwa kale pabenchi la kuchipatala.

Anandiitana Lamulungu masana. Pakhonde panali asebele, mkamwini wanga, amalume ake awiri, ndi mwana wanga atakhala pansi kumapeto, maso ali pa zala zake. Ine anandipatsa mpando wapakati. Amene ankayankhula anali malume wamkulu, mphunzitsi wopuma, atavala jekete yomwe anapita nayo kutchalitchi m'mawa womwewo.

"Mama, ife sitikunena kuti ndinu mfiti, yayi. Koma munthu akachotsa chitseko panyumba ya mnzake, ndiye usiku akuba n'kulowa, anthu amafunsa."

"Akubawo ndi udzudzu, bambo. Mukanagula neti."

Mkamwini anatsokomola. Malume anapitiriza ngati sanamve. Anati njira ndi imodzi. Tipite tonse kwa sing'anga wawo, akandiyang'ane ngati ndili bwino, akatipatse chingwe china, ndipo ine amene ndinadula ndimange ndi manja anga. Ndikatero nkhani yatha. Ndikakana, mwana ndisamukhudzenso, ndipo pakhomopo ndisapondepo.

Ndinafunsa kuti, "Nonsenu mwachokera kutchalitchi lero, si choncho?"

"Za tchalitchi ndi zina, za pamtundu ndi zina."

"Ine Mulungu wanga ndi mmodzi, wa Lamulungu ndi wa Lachiwiri yemwe. Sindimanga."

Ndinatembenukira kwa mkamwini. "Apongozi, inu mukuti bwanji? Mwanayu ndi wanu." Iye anangoti, "Amama, chitani zimene akunena akuluakuluwa, kuti tikhale pamtendere." Mwana wanga sanatukule mutu. Ndinanyamuka, n'kumanga chitenje changa bwino, n'kuyenda wapansi kuchoka ku Lupaso mpaka ku Ching'ambo, ndikuyankhula ndekha njira yonse.

Nkhani inandipitirira, inakafika ine ndisanafike. M'mawa mwake pampopi amayi anasuntha zidebe zawo nditaika changa. Palibe anatukwana. Anangosiya mpata waukulu, woti ng'ombe n'kudutsapo. Mayi wina wa nyumba yoyandikana nane, amene ndinamuchezera usiku wonse pomwe ankabereka mapasa, anayamba kuitana ana ake kuti alowe m'nyumba ine ndikamadutsa. Tsiku lina ndinapeza mchere atawaza pakhomo panga. Kumsika mnzanga wa benchi limodzi, wogulitsa tomato, anayamba kuphimba katundu wake ndi thumba akamapita kukadya, chinthu chimene sanachitepo zaka zonse takhalira limodzi. Ankatinso moseka, "Agogo, lumo mwalisiya kunyumba lero?" Anthu n'kumaseka. Ine ndinkasekanso mano okha.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandithyola ndi a kutchalitchi kwathu.

Ndinkayembekeza kuti amenewa ndiye aima nane. Si ndiwo ankatiphunzitsa kuti zithumwa tiotche? Lamulungu lotsatira ndinakhala pamalo panga, mbali ya amayi, mzere wachitatu. Mtsikana amene anakhala pafupi nane anachotsa khanda lake mbali yanga n'kuliika mbali inayo. Anachita mwaulemu, akumwetulira, nyimbo ili pakamwa.

Lachinayi kunabwera amayi otsogolera gulu lathu la amayi, atavala yunifomu yoyera bwino, buku lili m'manja. Tinapemphera. Atatha anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Agogo, ine ndikuuzeni ngati mnzanu. Pitani mukamange. Mulungu amaona mtima, saona chingwe."

"Mukundiuza ndinu zimenezi?"

"Tonse tili ndi apongozi, agogo. Adzukulu anga awiri anabatizidwa chili m'kati mwa diresi. Abusa amathira madzi pamutu, savula mwana."

Ndinawauza kuti amalize tiyi wawo azipita. Anakafotokoza kuti ndine wodzikuza, ndimadziona ngati woyera kuposa onse. Abusa analalikira za zithumwa mwezi womwewo, mokweza, akumenya gome, anthu n'kumavomera kuti ameni. Koma kunyumba kwanga sanafike. Kuchokera kutchalitchi kufika pakhomo panga, tiyi sangazizire m'kapu.

Mwana wanga anabwera kumsika patapita milungu itatu, nthawi ya nkhomaliro. Anakhala pa thumba la kabichi kuseri kwa benchi, bulauzi itanyowa mkaka.

"Amayi, ndi chingwe chabe. Inu mukudziwa kuti sichigwira ntchito, inenso ndikudziwa. Mangani, nkhani ithe."

"Ngati ndi chingwe chabe, bwanji chakula kuposa mayi ako?"

"Mukufuna banja langa lithe?"

"Iwe unali kuti pomwe ankamumanga mwanayo chingwe choyamba chija?"

"Ndinali pomwepo. Ndikanatani? Ndine mkamwana, mtengwa pakhomo pa eni." Analira mosatulutsa mawu. Anandiuzanso kuti china anamanga kale, asebele anapita okha kukatenga. Chotsala chinali choti ine ndikagwade kwa sing'anga, ndimasule, ndimangenso ndekha, kuti aone kuti ndagonja. Ndinamupatsa mpiru wa ndiwo, n'kumuuza kuti azipita angachedwe kuntchito.

Miyezi isanu ndi iwiri mwana sindinamugwire. Ndinkadziwa tsiku la sikelo, ndiye ndinkakaima kutsidya kwa msewu wa kuchipatala pomwe pamaima anyamata a njinga zamoto, n'kumaona asebele akutuluka naye kumsana. Ndinkaona kachipewa ndi timiyendo basi. Mano anamera ine kulibe. Anakwawa ine kulibe. Munthu wamkulu ngati ine, wa imvi, kubisala kuseri kwa njinga ngati wakuba, kuti ndione magazi anga omwe.

Kupemphera sindinasiye, koma musaganize kuti anali mapemphero okoma. M'mawa kudimba, ndikuthirira, ndinkamukalipira Mulungu ngati mmene mumakalipira munthu amene wakusiyani pa depoti. Ndinkati, ndinalonjeza, ndasunga, nanga Inu muli kuti? Ana atatu munatenga, sindinakusiyeni. Amene amakunamizani akudya ndi adzukulu awo, ine ndikudya ndekha. Keni ili m'manja, misozi ikutsika, mawu akutuluka. Amene ankadutsa pamlatho wamatabwa wa pafupi ndi dimba langa ankandiona ndikuyankhula ndekha, n'kukawonjezera kuti agogo aja ayamba kucheza ndi anzawo osaoneka.

Ndiye tsiku lina, mvula yoyamba itagwa, ndikuzula udzu m'bedi la chinizi, ndinadzimva ndikunena mawu awa: "Ambuye, mwanayo adwalenso chingwecho chili m'chiuno, kuti aone."

Ndinaima. Udzu uli m'manja. Mawuwo anatuluka m'kamwa mwanga, mwa ine, ndipo sikanali koyamba kuwaganiza, kungoti tsiku limenelo ndinawamva. Ndinali kupempha malungo kuti agwere kamwana kaja, kuti ine ndipambane mlandu. Anthu a pampopi aja akanandimva akanati, si izi tinkanena? Ndipo ndikanawayankha chiyani? Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Sindinapemphere, ndinalibe nkhope yopempherera. Ndinangokhala mpaka dzuwa kundiotcha pamsana.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuiona nkhani ija mbali imene ndinkaikana. Kukana kumanga sindinalakwe, ndipo mpaka lero sindinasinthe. Koma lumo lija? Ndinalowa m'nyumba ya eni, mwini wapita kuchigayo, n'kudula chinthu chimene mayi mnzanga anamanga chifukwa cha mantha. Mantha omwewo amene ine ndinali nawo. Iye ankaopa kuika mwana m'manda, inenso ndinkaopa zomwezo. Ndikanadikira kuti abwere, n'kumuuza za mwana wanga woyamba. Mwina akanakana. Koma sindinamufunse. Ndinachita ngati ndili ku Dowa, pambumba yanga.

Zinanditengera milungu iwiri kuti miyendo ivomere. Loweruka lina ndinagwira nkhuku yanga yaikazi, yoikira, n'kuimanga miyendo, n'kukwera minibasi. Ndinaodira pageti. Asebele anali kuchapa. Sanandipatse mpando, ndiye ndinagwada pa simenti yonyowa.

"Monire, asebele."

"Yewo." Manja ali m'beseni.

"Ndabwera kudzapepesa za lumo. Ndinadula chinthu chanu m'nyumba mwanu osakufunsani. Ndinalakwa."

Anasiya kuchapa. "Ndiye mwavomera? Tipita liti?"

"Kumeneko sindipita, ndipo sindimanga. Zimenezo ndinalonjeza kwa Mulungu nditaika mwana wanga woyamba, amene anafa atavala zitatu. Koma sindidzadulanso. Dzanja langa silidzamanga, silidzadula."

"Ndiye kupepesa kwanji kumeneku? Theka?"

"Ndi kumene ndili nako."

Anayang'ana nkhuku, anayang'ana ine. "Mwana wanuyo anali wamkulu bwanji?"

"Anali atangoyamba kuyenda."

Anapukuta manja pachitenje. Anatenga nkhuku ija, n'kuipima m'manja ngati ali pamsika. "Yawonda chomene," anatero, n'kupita nayo kuseri. Ndinakhala chigwadire, maondo akuwawa. Pobwera anabwera ndi mpando.

Musaganize kuti tinakumbatirana. Malume uja anakana kuti nkhani yatha, ndipo mpaka pano akandiona amayang'ana kumbali. Asebele ndi amene anaika malamulo awo: ndizibwera Loweruka, ndizikhala pabwalo iwo ali pomwepo, mwana ndisamusambitse, ndisamuvule, ndisamutengere ku Ching'ambo. Ine, amene ndinasambitsa makanda a theka la nyumba za mzere wathu ku Ching'ambo. Ndinavomera.

Anamutulutsa mwana. Anali atayamba kuimirira chogwira. Atandiona analira, n'kubisa nkhope m'chitenje cha asebele. Sanandidziwe. Pa zonse zimene anandichita anthu aja, ichi ndi chimene ndimavutika nacho kukhululuka. Loweruka lachitatu ndi pomwe anabwera yekha, atakopeka ndi nthochi, n'kukwera pamiyendo panga. Nditamugwira m'chiuno ndinachimva pansi pa diresi, kachikwama kaja, kolimba. Asebele anali kundiyang'ana, mpeni wosendera mbatata uli m'manja. Dzanja langa ndinalisiya pomwepo, pamwamba pa chingwe, n'kunena mumtima kuti, Ambuye, mwanayu ndi wanu, si wa chingwe, si wa ku Rumphi, si wa ku Dowa, si wanga. Musungeni Inu. Mtima unatsika, koyamba m'miyezi yonse ija. Mwana anadya nthochi yake n'kundipaka kumaso.

Mtendere umene ndili nawo ndi umenewo, si waukulu. Pampopi ena anabweza zidebe zawo pafupi, ena ayi. Kutchalitchi ndimakhalabe mzere wachitatu, ndipo amayi a yunifomu aja akamatsogolera pemphero ndimatseka maso mwamphamvu kuti ndisawayang'ane. Masiku ena ndimadzuka mkwiyo uli wonse ngati wa dzulo, ndimapita nawo kudimba, ndimakauza Mwini wake. Kungoti tsopano ndimamvetsera zimene pakamwa panga pakunena.

Mwezi wathawu mwana uja, amene tsopano ali ndi zaka zitatu ndipo amayankhula zinenero ziwiri mosakaniza, ankadumpha pamulu wa mchenga ine nditakhala pampando wanga. Anabwera akuthamanga, chinthu chili m'manja.

"Agogo, chaduka."

Chinali chingwe chija, chitatha ndi thukuta ndi sopo, chitadukira pamfundo. Anachiika m'dzanja langa. Asebele anali m'nyumba, pabwalo panalibe wina. Chimbudzi chinali pomwe chinali kale, masitepe khumi kuchokera pamene ndinakhala.

Ndinanyamuka, mwana ali kumbuyo kwanga, n'kukaima pakhomo.

"Asebele, chingwe chanu ichi. Chaduka chokha, mufunseni mwini wakeyu."

Anatuluka, anachitenga, anayang'ana podukapo nthawi yaitali, akupotokola ndi zala kuti aone ngati pali podulidwa ndi lumo. Ndinawasiya ayang'ane. Atakhutira anachiika pawindo, pomwe pankakhala lumo paja.

"Mumwa tiyi?" anafunsa.

"Ndimwa."

Ngati anamumanganso china, sindikudziwa. Kusambitsa sanandilolebe, ndipo ine sindifufuza. Loweruka lapitali mwana anagona tulo pamiyendo panga mpaka mwendo kuchita dzanzi, ndipo dzanja langa linali pamutu pake.